Momwe ndinamangira Linux yosaopa kuduka kwa magetsi pogwiritsa ntchito Buildroot

Ntchito yanga ndi yoika timakompyuta ting'onoting'ono pa mapampu a madzi oyendera mphamvu ya dzuwa, makamaka m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Kabokosi kake timakakhomera m'kanyumba ka pampu, pafupi ndi batire. Kamawerenga malita a madzi amene akwera m'thanki, kamayeza mphamvu imene yatsala m'batire, kenako kamatumiza manambalawo pa netiweki ya foni kupita ku ofesi ku Blantyre. Pampu ikaima, amisiri amadziwa tsiku lomwelo. Koma kabokosiko kakafa, pampu ikadzaima palibe amene amadziwa kanthu mpaka amayi atayambiranso kukatunga madzi kumtsinje, ndipo aliyense wa ku Chigwa cha Shire akudziwa kuti kumeneko kuli ng'ona komanso matenda otsegula m'mimba. N'chifukwa chake nkhaniyi ndimaitenga ndi mtima wonse.

Achinyamata amene akuphunzira zamagetsi ndi zamakompyuta amakonda kundifunsa funso limodzimodzi: “Achimwene, kachipangizo kanga pa tebulo kamayenda bwinobwino, koma ndikakasiya kumudzi kamafa. Chimavuta n'chiyani?” Nthawi zambiri mawaya amakhala alibe mlandu, pulogalamu yawonso imakhala ili bwino. Chimavuta ndi mtundu wa Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, imene aika pa khadi losungira deta.

Ifenso tinayamba mmene amayambira aliyense. Kabolodi kathu ndi Raspberry Pi 3 Model B, kamene kanatuluka mu 2016, ka pulosesa ya ARM ndi RAM ya 1 GB. Tinkaika Linux yathunthu pa khadi la SD, kulumikiza sikirini ndi kiyibodi, kuika mapulogalamu pamanja, kusintha apa ndi apo mpaka zitayenda, kenako khadi limenelo n'kumalikopera pa makhadi ena. Linux yathunthuyo ilibe cholakwa. Anaikonzera munthu wokhala pampando, amene akamaliza ntchito amazimitsa kompyuta mwadongosolo, ndiye imangolemba pa khadi nthawi zonse mopanda nkhawa. Ku pampu kulibe wozimitsa mwadongosolo. Kukachita mitambo masiku otsatizana batire limatsika, ndipo kachipangizo koteteza batire kamadula magetsi pakati pa usiku mosachenjeza. Akaduka khadi lili mkati molemba, zinthu zimasokonekera. Komanso mkati mwa khadi la SD muli kachipu kakekake kamene kamasuntha deta kuchoka pena kupita pena, choncho chowonongeka sichikhala fayilo yokhayo imene imalembedwa. Nthawi zina imakhala fayilo imene Linux imaifuna poyaka. Dzuwa likatuluka pampu imadzuka, madzi amakwera, koma kabokosi kali zii.

Panalinso vuto lina limene linkandisowetsa mtendere kuposa loyambali. Khadi lathu lodalirika lija, panalibe munthu amene ankadziwa zonse zimene zinali m'menemo. Uyu anasinthamo kanthu chaka chatha, uyo anaikamo pulogalamu osalemba paliponse. Likanangotayika, tikanayambiranso pachiyambi.

Njira yothetsera zonsezi ndi kumanga Linux yanuyanu, yokhala ndi zinthu zokhazo zimene kachipangizoko kakufuna. Apa mpamene pamabwera cross-compilation, kumanga mapulogalamu pa kompyuta ina kuti akayende pa ya mtundu wina. Pulosesa ya m'laputopu yanu ndi ya mtundu wa x86-64, ya pa Raspberry Pi ndi ya ARM, ndipo ziwirizi sizimvana. Mukamanga pulogalamu pa laputopu mwachizolowezi n'kuikopera pa kabolodi, kamangoyankha kuti Exec format error. Mukhoza kumangira pa kabolodi pomwepo, koma kernel yokha, imene ndi mtima wa Linux, imadya maola, khadi likuperepeseka ndi kulembedwa. Ndiye timachita zimene amachita nthawi yolima: nsima amaphikira kumudzi kumene kuli nkhuni ndi miphika, kumunda amangopititsa yakupsa. Laputopu imagwiritsa ntchito compiler, pulogalamu yomangira mapulogalamu, imene imayenda pa x86 koma imatulutsa mapulogalamu a ARM. Compiler imeneyi, pamodzi ndi binutils, laibulale ya C ndi ma header a kernel, ndiye toolchain.

Kuchita zimenezi pamanja n'kotheka koma n'kotopetsa. Pulogalamu iliyonse imadalira malaibulale, tizidutswa tokonzedwa kale timene mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito, amenewonso amadalira anzawo, ndipo onse ayenera kumangidwa motsatana bwino, osatola mwangozi mafayilo a laputopu. Buildroot imagwira yokha ntchito yonseyi. Inayamba mu 2001 pamene Erik Andersen ankafuna njira yoyesera uClibc, laibulale yaing'ono ya C. Kuyambira mu 2009, motsogoleredwa ndi Peter Korsgaard, imatuluka miyezi itatu iliyonse, mu Febuluwale, Meyi, Ogasiti ndi Novembala, ndipo dzina lake limakhala chaka ndi mwezi. Pa chipangizo chimene chikakhale kumudzi zaka, sankhani imene alemba kuti LTS, monga 2025.02, chifukwa imeneyo amapitiriza kuikonza nthawi yaitali. Mkati mwake mulibe zobisika. Ndi mafayilo a Makefile ndi Kconfig, dongosolo lomwe lija losankhira zinthu mu kernel ya Linux, ndipo muli maphukusi oposa 2,000.

Ena adzakuuzani za Yocto Project ya Linux Foundation, imene inayamba mu 2010. Ndi yamphamvu ndithu, ndipo kampani yokhala ndi zipangizo zamitundumitundu komanso antchito ambiri imapindula nayo. Koma imafuna malo ochuluka pa diski, kompyuta yanyonga, ndi nthawi yophunzira BitBake, chida chake chomangira. Ngati muli awiri kapena atatu, kabolodi ka mtundu umodzi ndi laputopu wamba, ine ndimati yambani ndi Buildroot. Mutha kutsegula fayilo ya phukusi lililonse, kuiwerenga, n'kumvetsa zimene ikuchita. Zimenezi ndimaziona kuti n'zamtengo wapatali, chifukwa tsiku lina mudzafunika kulemba yanu.

Mufunika kompyuta ya Linux. Ubuntu kapena Debian zimakwana, mutaikamo build-essential, libncurses-dev, rsync, bc, cpio, unzip, file ndi wget. Musamange muli root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa Linux, chifukwa sizifunika. Amene mukugwiritsa ntchito WSL, njira yoyendetsera Linux mkati mwa Windows, Buildroot idzakana kuyamba chifukwa PATH yochokera ku Windows, mndandanda wa mafoda ofufuzamo mapulogalamu, imakhala ndi mipata m'mayina a mafoda, ndiye iyeretseni kaye. Lamulo la make list-defconfigs limaonetsa timabolodi tonse timene anatikonzeratu fayilo ya zosankha, yotchedwa defconfig. Kwa ine ndi make raspberrypi3_64_defconfig, kenako make menuconfig kuti ndisankhe zimene ndikufuna, pomaliza make basi. Zikatha, mu output/images mumapeza sdcard.img, fayilo imene ndi chithunzi cha khadi lonse, imene mumailemba pa khadi. Ngati mukulemba ndi dd, yang'anani kawiri dzina la diski musanadine Enter, chifukwa dd siifunsa isanalembe pamwamba pa zimene zili pa diskiyo.

Mulibe kabolodi? Musadikire ndalama. Lembani make qemu_aarch64_virt_defconfig, mangani, ndipo mu output/images mupeza start-qemu.sh imene imayatsa Linux yanu ya ARM mkati mwa laputopu momwemo. Zambiri zimene ndikunena pano mukhoza kuziphunzira choncho osagula kanthu.

Tsopano nkhani ya bandulo, imene kwa ife kuno ndi yaikulu. Mukangolemba make, Buildroot imayamba kudawuniloda magwero a pulogalamu iliyonse, ndipo kernel yokha ndi mamegabaiti oposa 100. Imadawuniloda pang'onopang'ono, phukusi likafika nthawi yake, ndiye bandulo ikathera pakati ntchito yonse imaima. Pali lamulo la make source limene limatenga zonse zofunika nthawi imodzi osamanga kanthu. Ine ndimalilemba pamene ndapeza Wi-Fi yabwino kapena pa bandulo ya usiku, ndipo zikatha ndimatha kumanga popanda intaneti ngakhale pang'ono. Mafayilowo amapita mu foda ya dl. Ichotseni mkati mwa Buildroot, ikhale payokha, ndipo muiuze Buildroot kumene ili pogwiritsa ntchito BR2_DL_DIR. Mukatero ntchito zanu zonse zimatunga pamodzi, ndipo make distclean siingakufufutireni zinthu zimene munazigula ndi ndalama. Fodayo ndimaisunganso pa fulashi, ndipo mnzanga akafuna kuyamba ndimangomukopera. Palibe choopa, chifukwa maphukusi ambiri ali ndi fayilo ya hash imene Buildroot imayerekezera. Fayilo yoduka pakati kapena yosinthidwa imakanidwa pomwepo.

Magetsi akathima muli mkati momanga, musataye mtima. Phukusi lililonse limasiya timafayilo ta chizindikiro mu output/build, monga .stamp_built, ndipo mukalembanso make imapitiriza pamene inalekera. Phukusi limene linadukira pakati likayamba kudandaula zosamveka, lembani dzina lake n'kuwonjezera -dirclean, mwachitsanzo make python3-dirclean, limangidwenso lokha. Kumanga koyamba kumatenga maola pa laputopu wamba, ndipo gawo lalikulu limathera pa toolchain. Ngati defconfig yanu sinasankhe kale, lowani mu Toolchain musankhe yomangidwa kale ya Bootlin, kampani ya ku France imene imathandiza kwambiri pa Buildroot. Yatsaninso ccache, imene imasunga zomangidwa kale kuti kumanganso kuzifulumira. Pa laibulale ya C pali glibc, musl ndi uClibc-ng. Ine ndinatenga glibc chifukwa pa khadi malo alipo ndipo mapulogalamu ambiri anaizolowera. Zinazo zimathandiza pa tizipangizo tokhala ndi malo ochepa zedi.

Pali khalidwe limodzi la Buildroot limene limasokoneza aliyense wongoyamba. Siisunga mbiri ya mafayilo amene phukusi lililonse laika. Mukachotsa phukusi mu menuconfig n'kulemba make, mafayilo ake amatsalabe mu chithunzi cha khadi. Mukasintha toolchain kapena laibulale ya C, zimene zinamangidwa kale sizimangidwanso zokha. Kuwonjezera phukusi latsopano nthawi zambiri kulibe vuto, koma kuchotsa kapena kusintha maziko kumafuna make clean ndi kumanga zonse mwatsopano. Lamulo limene tinaika pa ntchito pathu ndi lakuti khadi lopita kumudzi lichokere pa kumanga koyambira pachiyambi, osati pa zoyesayesa za masana.

Musanayatse kabolodi koyamba, gulani kachingwe ka USB kupita ku serial. N'kotchipa, ndipo popanda iko muli mumdima. Kakhale ka 3.3 V, osati 5 V, chifukwa 5 V ikhoza kuwotcha mapini a Raspberry Pi. Waya wa GND upite pa pini 6, wa RX pa pini 8, wa TX pa pini 10. Amapingasana choncho dala, wolankhula wa uku apite kwa womvera wa uko. Tsegulani picocom kapena minicom pa liwiro la 115200, ndipo muona chilichonse chimene kernel ikunena kuyambira poyaka, ngakhale pamene netiweki ndi sikirini sizikugwira.

Tsiku loyamba kuona mawu akuti Welcome to Buildroot ndinasangalala kwambiri. Inayaka m'masekondi ochepa. Mumalowa ngati root popanda pasiwedi, ndipo mumapeza m'nyumba mopanda katundu: mulibe apt, mulibe gcc, muli BusyBox yokha, pulogalamu imodzi imene imagwira ntchito ya ls, cp, vi, init ndi zina zambiri. Ndinalemba ps, mndandanda wa mapulogalamu oyenda n'kukhala waufupi, ndipo iliyonse ndinkadziwa chimene ikuchita. Aka kanali koyamba kuti ndidziwe zonse zimene zili m'kabokosi kanga.

Kupanda katunduko kuli ndi mtengo wake. Zimene Linux yathunthu inkakuchitirani mwakachetechete, tsopano muzipempha nokha. Ndinalowetsa modemu ya USB, palibe chinachitika. Zifukwa zinali ziwiri. Choyamba, Buildroot mwachizolowezi imagwiritsa ntchito devtmpfs yokha, imene siyatsa ma module a kernel, tizidutswa take toyendetsa zipangizo, mukalowetsa chipangizo. Mu System configuration musankhe mdev kapena eudev kuti ma module aziyatsidwa. Ine ndinasankha eudev. Chachiwiri, mamodemu ambiri akangolowetsedwa amadzionetsa ngati CD yokhala ndi mapulogalamu a Windows, ndipo pamafunika phukusi la usb_modeswitch kuti liwatembenuze akhale modemu. Ena akatembenuka amaoneka ngati khadi la netiweki, mumangopempha adiresi ndi udhcpc, pamene ena amafuna pppd. Lamulo la dmesg limakuuzani mtundu umene muli nawo. Python, chilankhulo chimene ndinalembera pulogalamu yanga, nayonso ili ndi zake. Mukasankha python3 mumapeza thupi lake lokha, ndipo ssl ndi sqlite muyenera kuzichonga panokha mu menuconfig. Malaibulale ena a Python mumawasankhanso momwemo. Kuzolowera kulemba pip install pa kabolodi kumathera pamenepa, ndipo n'zabwino kuti kuthe.

Tifike pa chimene ndinayambira ulendo wonsewu. Khadi ndinaligawa patatu. Gawo loyamba ndi laling'ono la FAT, mmene muli config.txt, cmdline.txt, kernel ndi mafayilo oyatsira Raspberry Pi. Limeneli Linux ikayaka sililembedwanso. Gawo lachiwiri, limene nalonso limatchedwa root, ndi Linux yeniyeniyo, ndipo m'malo mwa ext4, njira yachizolowezi yosungira mafayilo pa diski, ndinasankha squashfs. Squashfs ndi yowerenga basi. Ngakhale pulogalamu itafuna bwanji, singalembemo, chifukwa njira yolembera mulibiretu. Gawo lachitatu ndi la ext4, la deta yokha.

Kuti zimenezi zitheke pali zinthu zingapo zoti mukonze. Mu Filesystem images chongani squashfs. Mu System configuration chotsani chisankho chimene chimatsegula root kuti izilembedwa poyaka. Sinthani fayilo ya genimage, imene imafotokoza magawo a khadi, kuti itenge rootfs.squashfs ndi kuwonjezera gawo lachitatu. Mu cmdline.txt wonjezerani rootfstype=squashfs ndi ro. Ndipo chimene chimagwetsa ambiri ndi ichi: squashfs iyenera kukhala mkati mwenimweni mwa kernel, CONFIG_SQUASHFS=y, osati module. Ikakhala module ndiye kuti ili mkati mwa gawo lomwelo limene kernel ikulephera kutsegula, ndipo pa serial mumaona kernel panic yakuti Unable to mount root fs. Mukhoza kukonza ndi make linux-menuconfig, koma njira yokhalitsa ndi kulemba mzerewo mu kafayilo kapadera ka fragment n'kuuza Buildroot kuti izikawonjezera nthawi zonse.

Chimene chinandikondweretsa n'chakuti Buildroot inali itaganizira kale zimenezi. Mukagwiritsa ntchito init ya BusyBox, /tmp ndi /run zimakhala mu RAM, ndipo /var/log ndi resolv.conf zimalozera komweko. Mbiri ya zochitika imalembedwa mu RAM, magetsi akaduka imapita, khadi osakhudzidwa.

Gawo la deta ndi lokhalo limene limalembedwa, ndiye ndimalisamala. Pulogalamu yanga imasunga manambala mu RAM n'kumawalemba pa khadi mwa apo ndi apo, osati sekondi iliyonse. Ikalemba imaitana fsync kuti detayo ifikedi pa khadi. Ikafuna kusintha fayilo yonse, imalemba yatsopano pambali, kenako n'kuisintha dzina kuti ilowe m'malo mwa yakale. Magetsi akaduka pakati, mumatsala ndi yakale yathunthu kapena yatsopano yathunthu. Poyaka, kafayilo kanga ka mu /etc/init.d kamayamba kayendetsa e2fsck, pulogalamu yofufuza ndi kukonza zowonongeka, pa gawolo. Likakanika kukonzeka, kamalifufuta n'kulipanganso. Timataya manambala ochepa amene anali asanatumizidwe, koma kabokosi kamadzuka n'kupitiriza ntchito. Timafayilo ta mu /etc/init.d timayamba ndi S ndi nambala, ndipo timayenda motsatira nambalayo, choncho kotsegula gawo la deta kakhale ndi nambala yaing'ono kuposa ka pulogalamu yanu.

Sindikunena kuti khadi silingafenso. Kachipu ka mkati kaja kakhozabe kulakwitsa, ndipo kutentha kwa ku Nsanje mu Okutobala, kumene kumapitirira madigiri 40, sikuchitira chifundo chipangizo chilichonse. Koma ndinakhala pa tebulo madzulo ena ndikuzula waya wa magetsi ndi kubwezera, kuzula ndi kubwezera, dala pa nthawi imene pulogalamu ikulemba, ndipo kabokosi kanadzuka nthawi zonse. Yesani zimenezi inunso musanapite nako kulikonse. Ndi mayeso ofunika kuposa ena onse.

Root yosalembeka imabweretsa kavuto kena ku Dropbear, pulogalamu yaing'ono ya SSH, yolowera mu kabolodi kudzera pa netiweki. Ikasowa poti isunge makiyi ake, imapanga atsopano nthawi iliyonse kabolodi kakayaka, ndipo laputopu yanu imakuchenjezani kuti mwina pali wakuba pakati. Lozetsani /etc/dropbear ku gawo la deta. Ikaninso pasiwedi ya root mu menuconfig, kapena bwino kwambiri gwiritsani ntchito makiyi okha. Musaike kiyi yachinsinsi imodzi pa makhadi onse, chifukwa kabokosi kamodzi kakabedwa ndiye kuti onse atseguka.

Kenako wotchi. Raspberry Pi 3 ilibe wotchi yosunga nthawi magetsi akazima. Ikayaka imaganiza kuti ndi pa 1 Januwale 1970. Manambala anu amalembedwa ndi deti limenelo, ndipo kulumikizana kwa HTTPS kumakanika chifukwa masatifiketi amaoneka ngati nthawi yawo sinakwane. NTP, njira yotengera nthawi pa intaneti, imakonza zimenezi, koma pokhapokha netiweki ikagwira, ndipo kumidzi ina imagwira ikafuna. Tinawonjezera kawotchi ka DS3231, kokhala ndi kabatire kakekake, pa mawaya a I2C. Mu config.txt mumalemba dtoverlay=i2c-rtc,ds3231, muonetsetse kuti mafayilo a dtoverlay akuikidwa pa khadi, ndipo poyaka hwclock imatenga nthawi kuchokera m'kawotchiko. Musaiwale phukusi la ca-certificates. Manambala ndimawasunga ndi nthawi ya padziko lonse ya UTC, ndipo maola awiri a nthawi ya kwathu amawonjezeredwa ku ofesi poonetsa.

Pulosesa ya Raspberry Pi ilinso ndi watchdog. Mukaiyatsa, imayembekezera kugogodedwa pafupipafupi, ndipo pakadutsa masekondi pafupifupi 15 popanda wogogoda, imayambitsanso kabolodi. BusyBox ili ndi kapulogalamu kogogoda. Ine ndinakonda kuti agogode ndi pulogalamu yanga yowerenga madzi, chifukwa kernel ikhoza kukhala moyo pulogalamu itauma kalekale.

Zonsezi zikanakhala zopanda phindu zikanakhala m'mutu mwanga mokha. Musasinthe kanthu mu output/target kapena output/build, chifukwa make clean imasesa zonse. Mafayilo anu aikeni mu foda ya overlay, imene Buildroot imaikopera pamwamba pa root pomaliza kumanga. Zosankha zanu zisungeni ndi make savedefconfig, imene imatulutsa kafayilo kafupi kokhala ndi zokhazo zimene mwasintha. Ndipo zonse zikhale kunja kwa Buildroot, mu foda yanu imene mumailozera ndi BR2_EXTERNAL. M'menemo mumafunika external.desc, Config.in ndi external.mk, kenako defconfig yanu, overlay, fragment ya kernel, fayilo ya genimage ndi phukusi la pulogalamu yanu. Fodayo ndi yaing'ono moti ingatumizidwe pa WhatsApp, koma malo ake enieni ndi mu git, chida chosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo. Mnzanga wina atalowa ntchito, ndinamupatsa fodayo ndi fulashi ya dl. Analemba malamulo awiri, n'kupita kukadya, ndipo madzulo anali ndi khadi logwira ntchito chimodzimodzi ndi langa. Akafuna kudziwa chifukwa chimene tinaikira eudev, amawerenga mbiri ya mu git, safunikira kundiimbira.

Ngati mudzagulitse kapena kugawa zipangizo zanu, lembaninso make legal-info. Imasonkhanitsa malayisensi ndi magwero a zonse zimene mwaika. Linux ndi BusyBox zili pansi pa layisensi ya GPL, imene imafuna kuti wolandira chipangizo athe kupeza magwero ake. Anthu anatipatsa ntchito yawo mwaulere, ndipo n'koyenera kusunga pangano lawo.

Kumudzi nakonso zinthu zinasintha. Kale kukonza kabokosi kunkafuna kuti mmodzi wa ife apite ndi laputopu. Tsopano khadi latsopano timalikulunga bwino n'kulipatsira wa kabaza, ndipo a komiti ya madzi amasintha okha. Tsiku lina ndinaimbira mayi amene ndi tcheyamani wa komiti ina. Anali ndi mantha ndithu.

“Mwanangu, ine za makompyuta sindizidziwa. Ndikaononga mudzati chiyani?”

“Simuononga, mayi. Zulani kaye waya wa magetsi uja. Mwazula? Tsopano sololani kakhadi kali pansipo, mulowetse katsopanoko, mbali yonyezimira iyang'ane kubolodi. Bwezerani waya.”

“Kayaka kofiira. Kobiriwira kakuphethira.”

“Basi mwatha, mayi. Zikomo kwambiri.”

Tisanamalize kulonjerana za kunyumba, manambala anali atayamba kufika ku ofesi. Makhadi amenewa ndimayamba ndawayesa ndi f3write ndi f3read ndisanalembepo kanthu, chifukwa pamsika pali makhadi achinyengo olembedwa 32 GB pamene mkati muli malo ochepa. Khadi lotere limalandira chithunzi chanu mosadandaula, n'kukafera kumudzi.

Chimene ndikulimbana nacho panopa ndi nyengo ya mvula. Shire ndi Ruo zikasefukira, midzi ina ya kutsidya la kum'mawa siifikika ngakhale ndi njinga yamoto, ndipo khadi silingapite. Buildroot ili ndi maphukusi a RAUC ndi SWUpdate, amene amalola kutumiza Linux yatsopano pa netiweki. Khadi limakhala ndi magawo awiri a root, A ndi B. Kabokosi kakuyendera A, katsopano kamalembedwa pa B, ndipo bootloader, pulogalamu yoyatsa Linux, monga U-Boot, imayesa kuyatsa B. Ikalephera, imabwerera ku A yokha. Ndikuyesa zimenezi pa tebulo, ndikuzulanso waya pakati pa kulemba monga kale. Chimene chikundilimbitsa mtima n'chakuti root yathu yonse ya squashfs ndi mamegabaiti makumi ochepa chabe, moti ikhoza kudutsa pa netiweki yofooka ya kumudzi usiku umodzi popanda kumaliza bandulo ya kabokosi. Panopa ndikugwiritsa ntchito make graph-size kuona maphukusi amene akudya malo ambiri, ndipo Python ndiyo ili patsogolo. Ndayamba kulembanso pulogalamu yowerenga madzi ija mu C kuti ndiichotsemo mvula isanagwe.